Potola Nkhuni

Intaneti ya pa Namasonjo inafa Lachiwiri m'mawa, nthawi ili 10:40, itakhala ndi moyo masabata atatu okha. Chimene chinawawa akuluakulu a khonsolo n'chakuti inafera pagulu. Anali atasonkhanitsa makhansala ndi anthu a m'deralo m'holo ya pa esiteti ya tiyi kuti adzaone zodabwitsa: dokotala ali ku Blantyre akulankhula ndi namwino wa pa kachipatala ka Namasonjo, nkhope kuonana. Dokotalayo anangoti, "Wodwalayo mumupatse," basi n'kuuma pa sikirini, kukamwa kuli yasa. Anthu anadikira kuti amve chomupatsa wodwalayo, koma mpaka lero sanachimve.

Pofika Lachitatu madzulo apolisi anali atagwira munthu. Chingwe cha intaneti, chimene kampani ina inakwirira m'mbali mwa msewu kuchokera pa geti ya fakitale kulowera ku Masambanjati, chinapezeka chitadulidwa, ndipo m'udzu pafupi pomwepo munali mpeni wokhota wodulira tiyi. Kumalayini, komwe kumakhala antchito a pa esiteti, aliyense ankaudziwa mpeniwo chifukwa cha chigwiriro chake chokulunga mphira wofiira. Unali wa a Goodson Mulipa, bambo wa zaka 59, amene anakhala akudulira tiyi pa esitetiyo chiyambire unyamata wawo. Atawaonetsa mpeniwo, a Mulipa anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndadula ndine."

Nkhani ikanathera pomwepo. Lachisanu khonsolo inkakumana ndi anthu okwiyakwiya, ndipo inkafuna dzina loti iwaponyere. Lolemba a Mulipa akanakaonekera kukhoti, ndipo wodula zingwe zotere masiku ano sabwerako msanga. Ntchito ikanatha, nyumba ya kumalayini n'kulandidwa. Sajeni Flossie Kayira anangopatsidwa failo Lachinayi m'mawa kuti amalize zolembalemba. Koma Flossie anali ndi nthenda imene inachititsa kuti asamutsidwe katatu m'zaka zisanu: munthu akavomera mlandu msanga, iye mtima sunkakhala m'malo.

* * *

Chiperoni chinali pa tsiku lake lachinayi. Nkhungu inali itagona pa minda ya tiyi, ikusuntha pang'onopang'ono, moti mitengo ya bulugamu inkangooneka mitu yokha, ikuyandama popanda matsinde. Mawu a anthu odulira tiyi ankamveka pafupi, eni ake osaoneka. Flossie, mwana wa ku Mzimba, anali atatha chaka ku Thyolo koma nyengo imeneyi sanaizolowere. Inkamuchititsa kumva ngati akuyenda m'maloto a munthu wina.

Lusayo, injiniya wa kampani ya chingwecho, ankamudikira m'mbali mwa msewu atavala jekete ziwiri. Anali munthu wokonda manambala kuposa moni.

"Mamita 2,314 kuchokera pa bokosi la pa geti," anatero Lusayo. "Makina anga sanama, a Sajeni. Amatumiza kuwala m'chingwemu, kuwalako kukagunda poduka kumabwerera, ine n'kuwerenga. Mukakayikira, werengani nokha tizipilala tachikasuti. Kalikonse ndi mamita handiredi. Mudutse 23, kenako muponye mapazi aatali 14."

"Anaba chiyani?"

"Nde pamene pakundizunguza mutu. Akuba amadula poganiza kuti m'kati muli kopa. Akapeza kuti ndi timaulusi ta galasi amatukwana n'kuthawa, dzenje osakwirira. Koma taonani uyu."

Nsonga ziwiri za chingwe zinali zitazulidwa m'nthaka n'kupindidwira m'mbali, ina uku ina uko, iliyonse atayipsinja ndi mwala kuti isabwerere. Pakati pake, malo a mapazi awiri, ngalande inali yokwiriridwa bwinobwino. Flossie anawerama. Pa dothi lofiiralo panalibe chizindikiro cha khasu kapena nsapato. Panali timizere ta zala. Wina anasalaza malowo ndi manja, monga amachitira mayi pozira nyumba.

Ananyamula nsonga imodzi ya chingwe, chakuda, chonenepa ngati chala chachikulu. Podukapo panali ponyenyeka. Mpeni unachita kubwerezabwereza, kuterereka, kuyambiranso. Flossie anawerenga mabala khumi ndi atatu.

Atadzuka anaona kuti aima m'mphepete mwa kankhalango kakang'ono, kopanikizika pakati pa msewu ndi munda wa tiyi. Pansi pa mitengo nthambi zouma zinali mbwee, zina zitayamba kudyedwa ndi chiswe.

"Malo ano amatchedwa chiyani?"

"Pa mapu alibe dzina," anayankha Lusayo. "Azimayi akuno amati Potola Nkhuni."

Flossie anayang'ananso nthambi zija. Mwezi uliwonse ankaweruza ndewu za azimayi ndi alonda a pa esiteti chifukwa cha kamtolo kamodzi ka nkhuni. Azimayi omwewo ankayenda maola awiri kukasaka zikuni kumapiri. Koma apa, kamtunda ka mphindi khumi kuchokera kumalayini, nkhuni zinkawola zokha, pamalo otchedwa Potola Nkhuni, ndipo panalibe anatolapo ngakhale kotokosera m'mano.

"Ndipatseni chidutswa cha chingwe chatsopano," anatero. "Chotalika ngati mkono. Mundidulirenso kansonga konyenyekaka."

* * *

A Mulipa anawatulutsira kuseri kwa polisi. Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu osayenerana ndi thupi lawo, ndipo ankatsokomola.

"Bambo Mulipa, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, bwana. M'chitokosi kudzuka sikuvuta, poti munthu sugona."

"Chingwe munadulira chiyani?"

"Kupusa, bwana. Ukalamba."

"Mutadula, nsonga zake munazitani?"

A Mulipa anayang'ana pansi. "Ndinazisiya pomwepo."

"Munaikapo chiyani pamwamba?"

"Masamba."

Flossie sanatsutse. Anazika chidutswa chija m'dothi kuti chiime ngati nthambi, kenako anatulutsa mpeni wa chigwiriro chofiira m'chikwama n'kuwapatsa. Wapolisi wa pakhomo anatong'ola maso, koma Flossie anamukwezera dzanja kuti akhale chete.

"Dulani monga munadulira Lachiwiri."

Zinkaoneka pankhope kuti bamboyo akufuna kucheka mosadziwa, mochedwa, ngati munthu wamba. Koma mpeni utangokhazikika m'chikhatho, dzanja linachita zimene lakhala likuchita zaka makumi anayi. Linachokera pansi kupita m'mwamba, kamodzi kokha, khwapu! Kachidutswa kanagwera uko. Podukapo panali posalala, popendeka.

"Bwanji mumadula mopendeka?"

"Kuti madzi a mvula asakhale pabala, mtengo ungawole," anayankha a Mulipa asanaganize. Atazindikira, analuma mlomo.

Flossie anaika nsonga ziwirizo pamodzi, yosalala ndi yonyenyeka. Onse awiri anaziyang'ana. Pakamwa pa a Mulipa panavomera mlandu, koma dzanja lawo linali litakana.

"Mpeni ndi wanga, bwana. Lembani zimenezo basi."

"Lachiwiri simunapite kuntchito?"

"Chifuwa. Ndinapita kuholo kukaonera dokotala wa pa sikirini, mwina n'kupezako mankhwala." Anatsokomola. "Kenako ndinatuluka. Ndinakadula."

"Mpeni mumausunga pati?"

"Pamwamba pa chitseko."

"Ndani wina amafikirapo?"

A Mulipa anayang'ana nkhungu imene inkalowa pa mpanda wa polisi. Flossie ankayembekeza bodza lina, koma m'malo mwake panabwera funso.

"Bwana, dzulo powerenga mlandu wanga anatchula nambala. Ya pamene chingwe chinadukira. Inali chiyani?"

"2,314."

Milomo ya bamboyo inabwereza nambalayo popanda mawu, kawiri, ngati munthu woloweza vesi. Flossie anali atafunsapo akuba ambiri, koma anali asanakumanepo ndi wodula chingwe wofunsa wapolisi pamene anadula.

* * *

A Reginald Kamwendo, mkulu woona za chitukuko ku khonsolo, anali ndi chimfine, suti yabuluu ndi mafailo asanu ndi limodzi. Anthu a khonsolo amakhulupirira kuti chinthu chikalowa m'failo ndiye kuti chinachitika bwino.

"Ife tinatsata dongosolo lonse, a Sajeni," anatero akupukuta mphuno. "Msonkhano wa mwezi wa Malichi, nawu. Funso lachisanu: kodi m'njira imene chingwe chidutse muli manda, tchalitchi kapena chitsime? Yankho: mulibe. Asayina abambo khumi ndi awiri a komiti ya chitukuko, onse obadwira konkuno."

"Amayi analipo?"

"Anadzaza holo! Anatiimbiranso nyimbo."

"Anayankha funsolo?"

"Sanatsutse. Kwa ife wosatsutsa wavomera." Anatseka failo. "Inu simukudziwa zimene ndakumana nazo. Poyamba ankadandaula kuti madera ena ali ndi intaneti, ife ayi. Titakumba ngalande, akuti mbuzi zikugweramo. Titayatsa, akuti imafika kusukulu ndi kuchipatala koma kumalayini a kumunsi ndi yofooka. Pano yazima, aphunzitsi akundiimbira, namwino akundiimbira. Mawa ndikapanda kuwapatsa dzina la wodula, dzina lotukwanidwa likhala langa. Munthuyo si wavomera kale?"

"Wavomera," anatero Flossie. "Ndi chimene chikundivuta."

* * *

M'failo munali sitetimenti ya mayi Fainess, akazi awo a Mulipa. Inali ya mizere itatu: Lachiwiri anali pakhomo tsiku lonse akuphika kalongonda, sanachoke, sanaone kanthu. Wapolisi amene analemba sanafunsenso zambiri, poti aliyense kuno amadziwa kuti kalongonda samusiya yekha. Nyemba zimenezi zimaphikidwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka, madzi kumataya n'kuthira ena, moto osazima. Zikapanda kupsa zimazunguza mutu, zimathanso kupha.

Mayi Fainess ankagulitsa kalongonda wawo pamsewu limodzi ndi mnzawo, mayi Betty Nakhumwa, amene mawu awo ankafika munthu asanawaone. Tsiku limenelo, ndi nkhungu ija, Flossie anangotsata mawuwo.

"Iii, a Sajeni, ndinu mwatsekera a Mulipa? Ngati ndi iwo atsekereni ndithu! Ine mwana wanga Madalo ali ku Joni. Masabata atatu amenewa ndimamuona nkhope daile, mdzukulu wanga n'kumandiseka kuti agogo mano alibe. Pano zii. Ndikangogwira foni, kachinthu kaja kumangozungulira, kumangozungulira. Mugula nthochi?"

"Ndimafuna kalongonda."

"Musandikumbutse! Sabata ino kulibe. Anzanga a Fainess ndi amene anali pamoto Lachiwiri, koma mphika wonse anakataya kudzala, n'kukwirira kuti nkhuku zisadye. Mphika wathunthu, a Sajeni!"

"Moto unazima?"

"Unazima, madzi n'kuzizira, nyemba n'kuda. Nde ine n'kumati, a Fainess, inu Mlhomwe weniweni, moto wa kalongonda ungakuzimireni bwanji? Munthu ali pomwepo sungazime, pokhapokha..."

Mayi Betty anadzigwira pakamwa.

"Pokhapokha atachokapo," anamalizitsa Flossie.

Mayi Betty anayamba kusanja nthochi zimene zinali zosanja kale.

"Funso limodzi lokha, mayi. Potola Nkhuni, bwanji simutolapo nkhuni?"

Pakamwa pamene sipanatsekedwe chiyambire m'mawa panatsekeka. Mayi Betty anayang'ana kumbali, komwe abambo awiri ankamata tayala la njinga, kenako anasendera pafupi. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono moti sankaoneka ngati awo.

"Ndinu mkazi inu. Musamafunse ngati mwamuna."

Flossie anathokoza n'kulowera kumalayini.

* * *

Anapeza mayi Fainess atakhala pakhonde la nyumba yawo ya kumalayini, manja atawabisa m'chitenje. Anali mayi wamtali, wowonda, wa maso odekha ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Flossie anavula chipewa cha polisi, anakana mpando umene anamulozera, n'kukhala pansi, miyendo atatambasula.

"Amayi, ndabwera ndekha. Buku ndasiya kuofesi. Ndione manja anu."

Manjawo anatuluka pang'onopang'ono. Zala zinali ndi timabala ting'onoting'ono tambirimbiri, totupa, ta timaulusi ta galasi.

"Alipo angati paja Potola Nkhuni?" anafunsa Flossie chapansipansi.

"Sitiwerenga, mwanangu."

Flossie sanafunikire kuuzidwa zambiri. Mwana wobadwa atafa kale, amene amati nthayo, sapita kumanda a anthu onse. Sapatsidwa dzina, bokosi kapena nyimbo. Amayi achikulire amamukulunga m'nsalu n'kunyamuka ngati akukatola nkhuni, ndipo amakumba mosazamitsa, poopa kuti mayi ake angadzaleke kubereka. Amuna sauzidwa malo ake, ndipo mayi wa mwanayo amauzidwa kuti asalire. Choncho pamene a Kamwendo anafunsa ngati m'njiramo muli manda, abambo khumi ndi awiri aja sananame. Amayi nawonso sananame, chifukwa malo otero sawatchula kuti manda.

"Wanga anali woyamba," anatero mayi Fainess. "Mwezi uno zakwana zaka 31. Ine sindinapite nawo, ndinali chigonere. Patapita zaka, nditayamba kunyamula a anzanga, amayi anga aakulu anandilozera ndi chala cha kuphazi. Anangoti, apa."

"Pokumba ngalande bwanji simunanene?"

"Pamaso pa amuna? Ndi pakamwa pati? Okumbawo anali ochokera kutali, tsiku limodzi anali atadutsa. Anaphonya ena onse, koma wanga anamudutsa pambali penipeni, mpata wa chikhatho chimodzi. Ndinati ndipirira, si chingwe chabe? Nde tsiku loyatsa lija, bambo wa makina uja anaimirira m'holo n'kunena kuti m'chingwemu muzidutsa mawu a anthu a dziko lonse."

Nkhungu inali itafika pakhonde, nyumba ya moyandikana nayo itasowa. Mayiwo ankalankhula akuyang'ana m'nkhungumo.

"Kuyambira tsiku limenelo ndikatseka maso ndimawamva. Ena akuseka, ena akukangana, mpira, nyimbo, ana a eni akuitana amayi awo. Zonsezo zikudutsa pakhutu pa mwana amene sanamvepo mawu anga ngakhale amodzi. Anandiletsa kumulira, ndinamvera. Sindinamuitanepo, poti dzina alibe. Nde alendo okhaokha azimulongolera osapuma? Lachiwiri nkhungu inatseka, anthu onse ali kuholo. Ndinayang'ana mphika, ndinayang'ana pamwamba pa chitseko."

"Mpeni munauiwala."

"Manja onse awiri anali m'dothi. Nditamaliza kusalaza kunangoti zii, mwanangu. Ndinabwera kuno ngati ndikuuluka. Ndinagona tulo koyamba m'masabata atatu."

"Abambo akudziwa?"

"Anaona mpeni palibe, anaona manja angawa. Sanafunse. Apolisi atabwera anangoimirira n'kupita nawo." Anabisanso manja m'chitenje. "Musawasunge, ali ndi chifuwa. Ndimati mawa ndibwere ndekha. Koma kukhoti akandifunsa chifukwa chake, ndiyankha chiyani? Ndiulule ana a anzanga onse pamaso pa amuna? Abwere ndi mafosholo kudzaona ngati ndikunena zoona?"

Flossie anakumbuka za wake. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, kwawo ku Mzimba, azakhali ake anatuluka m'nyumba ndi kamtolo kokulunga m'chitenje chabuluu cha Flossie, ndipo atabwerako anangomuuza kuti amwe phala. Mpaka lero sankadziwa kuti analowera mbali iti. Anamva chisoni chachikulu ndi mayi Fainess, koma pansi pa chisonicho panali nsanje, ndipo anachita nayo manyazi. Mayi uyu ankadziwa pamene wake ali.

"Mawa musabwere kupolisi," anatero akuimirira. "Mupite kuholo, mukakhale ndi amayi anzanu."

* * *

Lachisanu m'mawa, kutatsala ola limodzi kuti msonkhano uyambe, Flossie analowa m'kachipinda ka kuseri kwa holo n'kutseka chitseko. A Kamwendo ankayeserera zoti akalankhule.

"Funso lanu lachisanu linali lolakwika, bwana Kamwendo."

"Lolakwika bwanji? Linachokera pa fomu."

"Munafunsa za manda. Pamenepo si pamanda." Anazengereza, chifukwa ankadziwa kuti akuphwanya chinsinsi chimene si chake yekha. "Ndi pa nthayo. Sindikuuzani zoposa pamenepa, ndipo mawu amenewa asatuluke m'chipinda muno."

A Kamwendo anatsegula pakamwa, mwina kuti anene za mapu, koma anakhala pansi. Anavula magalasi. Kwa kanthawi sanaoneke ngati munthu wa khonsolo.

"Pakati pa ine ndi mlongo wanga pali zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Sindinawafunsepo amayi chifukwa chake." Anapukuta mphuno nthawi yaitali kuposa mmene chimfine chinkafunira. "Anthu ndikawauza chiyani?"

"A Lusayo akuti dothi la mbali imeneyo ndi logumuka. Chingwe chiwoloke msewu pa kachipilala ka 22, chikabwerere pa ka 25. Ndawafunsa, akuti ndi ntchito ya masiku awiri, ndipo za dothizo ndi zoona."

"Nanga wodula?"

"Si a Mulipa. Umboni ndili nawo, dzanja lawo lomwe. Khonsolo ikachotsa dandaulo lake, ndilemba kuti wodula sakudziwika."

"Anditukwana."

"Akutukwanani ndithu."

Ndipo anawatukwanadi. Aphunzitsi anafunsa za mayeso a ana, namwino anafunsa za odwala, abambo a kumalayini a kumunsi anafunsa ngati intaneti yawo yofooka ija inafanso kapena inali isanabadwe n'komwe. A Kamwendo anaima ndi suti yawo yabuluu n'kumeza zonse. Koma atanena kuti chingwe chiwoloka msewu, chisadutsenso m'mphepete mwa kankhalango kaja, mbali ya amayi inangoti zii. Khansala wina anamenya tebulo kuti akufuna dzina la wodula. Pamenepo mayi Betty, amene anali atakuwa kuposa onse za mwana wawo wa ku Joni, anaimirira n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Amayi onse analandira. Anaimba ndime zonse, n'kubwerezanso, mpaka khansalayo anakhala pansi.

Flossie anabwerera kuofesi n'kulemba mawu awiri aja pa failo: wodula sakudziwika. Linali bodza lake loyamba pa pepala la boma, ndipo ankadziwa kuti likhoza kumusamutsa kachinayi.

* * *

A Mulipa anatulutsidwa cha m'ma 3 koloko. Flossie anawakweza galimoto ya polisi kuti akawasiye kumalayini, koma atafika pa geti ya fakitale bamboyo anagogoda pagalasi.

"Nditsikire pano, bwana. Miyendo yauma, ndiyendeko."

Anatsika, n'kukaima pa bokosi lachitsulo la chingwe. Kenako anayamba kuyenda m'mbali mwa msewu. Flossie anauza dalaivala kuti apite, iye n'kumatsatira chapatali, poopa kuti munthu wa chifuwa angagwe yekha m'nkhungu.

Dzuwa linali penapake pamwamba, likuyesa kuboola, moti nkhungu inasanduka yachikasu pang'ono. Minda ya tiyi yodulidwa kumene inkatuluka n'kubisalanso. Pa kachipilala kalikonse a Mulipa ankagunda mutu wake ndi chikhatho, milomo ikuyenda. Sanafulumire. Anadutsa njira yolowera kumalayini osacheuka, anadutsa kamlatho, anadutsa mtengo wa mapeyala umene amapumirapo othyola tiyi. Pa kachipilala ka 23 anaima, anatsokomola, kenako anayamba kuponya mapazi aatali, akuwerenga mokweza.

Pa phazi la 14 anaima. Sanatsike mumsewu. Dothi losalala lija linali pamenepo, timizere ta zala titayamba kufufutika ndi mame. Bamboyo anavula chipewa.

"Zaka 31 ndikudutsa pano m'mawa ndi madzulo, bwana," anatero osatembenuka. "Ndi njinga, ndi mpeni, nthawi zina nditaledzera ndikuimba."

"Ine sindinakuuzeni kanthu, bambo Mulipa."

"Simunandiuze. Akazi anga sanandiuze. Andiuza makina."

Kunalibe galimoto, kunalibe mbalame. Nsonga ziwiri za chingwe zinali chigonere m'mbali, iliyonse pansi pa mwala wake, zopanda mawu. A Mulipa anagwada pamsewu pomwepo, mawondo akulira, n'kuweramira kudothi monga munthu amaweramira pakhomo la nyumba yaing'ono.

"Ndi ine," anatero chapansipansi. "Bambo ako. Ndachedwa."

Flossie anabwerera m'mbuyo mpaka nkhungu inawabisa. Anatulutsa foni yake m'thumba n'kuizimitsa.